Madontho awiri a kusikelo

Amene tinakulira kumudzi timakumbuka madontho awiri a poliyo kusikelo. Kachilomboka kamalowera m'kamwa n'kuswana m'matumbo. Katemera wobaya wa Jonas Salk, wa 1955, amateteza mwana kuti asalumale, koma kachilombo kamatulukabe m'chimbudzi n'kugwira anzake. Wodontheza wa Albert Sabin, wa m'ma 1960, amamanga chitetezo m'matumbo momwemo, ndipo kwa ine ndiye anatipulumutsa. Vuto lake, kachilombo kofooketsedwako nthawi zina kamapezanso mphamvu, n'chifukwa chake Britain anasiya madontho mu 2004.

Mu 2022 ku Lilongwe analengeza za mwana wolumala ndi poliyo wochokera ku Pakistan, woyamba chichokere 1992. Chaka chomwecho kuno ku London kachilombo kochokera ku madontho kanapezeka m'madzi a m'zimbudzi. Ndinaimbira achemwali kumudzi, kufunsa za makhadi a ana.