Kasankhidwe ka data ya pa foni popita kukaonerera mpira kunja kwa dziko

Okonda mpira wa miyendo amene akonzekera kutsatira Chipolopolo kapena Copper Queens kunja kwa dziko ayenera kuganizira za foni yao asanawoloke malire. Masiku ano matikiti a mipikisano ikuluikulu, mapu a mizinda, ndalama za paulendo ndi mauthenga a kumudzi zimadzera pa foni, koma bandulo wamba imene munthu amagula ku Vubwi, ku Katete kapena ku Sinda imagwira nchito m'Zambia mokha. Akalowa m'dziko lina mitengo imasintha. Pali njira zitatu zopezera intaneti paulendo wotere: roaming, kugula SIM ya m'dziko limene mwafika, ndi eSIM. Kwa anthu ambiri njira yosaononga ndalama ndi kusunga SIM ya kwathu kaamba ka mauthenga ndi ndalama, data n'kukagula komweko.

Malire ali pakhomo

Boma la Vubwi, limene linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, licita malire ndi Malawi ndiponso Mozambique. Munthu wa kumeneko ali pafupi ndi Lilongwe kuposa Lusaka, kotero mpira wa kunja umene angayambe kuonerera ndi wa pa Bingu National Stadium, bwalo limene linatsegulidwa mu 2017. Mumzinda womwewo wa Lilongwe anyamata a Zambia osapyola zaka 17 anatenga cikho ca COSAFA mu December 2022. Opita ku Malawi amadzera pa cipata ca Mwami ndi Mchinji, pamene opita ku Tete amapatukira pa Katete kulunjika ku Chanida ndi Cassacatiza.

Mafunde a foni sadziwa malire. Foni imene ili m'mudzi wa m'mbali mwa malire ikhoza kugwira nsanja ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique ngati nsanjayo ili ndi mphamvu kuposa ya kwathu, ndipo mwini foni angalipitsidwe ngati mlendo ali pakhomo pake. Cizindikiro cake ndi dzina lacilendo la netiweki kapena cilembo ca R pamwamba pa foni. Mankhwala ake ndi kuzimitsa mbali yolembedwa kuti data roaming, ndi kusankha nokha netiweki ya kwathu m'malo molola foni kudzisankhira. Acewa ocokera ku Malawi ndi ku Mozambique amene amabwera ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa August amakumana ndi vuto lomweli akafika kuno.

Njira yoyamba: roaming

Roaming ndi pangano la pakati pa makampani a mafoni. Mukafika kunja, SIM yanu ya MTN, Airtel kapena Zamtel imabwereka nsanja za kampani ya kumeneko. Kampaniyo imalipitsa kampani yanu ya ku Zambia, ndipo iyo imadula ndalamazo pa talktime yanu itaikapo phindu lake. Ubwino wake ngwakuti nambala sisintha ndipo palibe mzere woima. Kuipa kwake ndi mtengo, makamaka ngati simunagule bandulo ya roaming, pakuti pamenepo megabyte iliyonse imawerengedwa payokha ndipo foni imadya data ngakhale ili m'thumba.

Dzina la kampani lisakunamizeni. Airtel ya ku Zambia ndi Airtel ya ku Malawi ndi za mwini mmodzi, koma iliyonse ili ndi laisensi ndi mitengo yake, monganso MTN ya kuno ndi MTN ya ku South Africa. Kuyesa kucotsa mpanda umenewu kunayamba kale. Mu 2006 kampani ya Celtel, imene inadzakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010, inayambitsa One Network ku Kenya, Tanzania ndi Uganda. Maiko a European Union anathetsa malipiro apadera a roaming pakati pao pa 15 June 2017. Kuno kum'mwera, Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi Botswana anagwirizana mu 2023 kucepetsa mitengo ya roaming, ndipo mitengo yotsitsidwa inalengezedwa mu 2025. Kutsitsa sikuthetsa, ndipo Mozambique, South Africa ndi Morocco sanali m'gulu la maiko anaiwo. Wapaulendo afunse kampani yake mtengo wa megabyte imodzi m'dziko limene apita, masiku amene bandulo ya roaming ikhala, ndi dzina la netiweki imene bandulo imeneyo ilola.

Njira yaciwiri: SIM ya komweko

Wogula SIM m'dziko limene wafika amalipira data pa mtengo wa eni dziko. Ku Malawi kuli TNM ndi Airtel, ku Mozambique kuli Vodacom, Movitel ndi Tmcel, ku South Africa kuli Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C, ndipo ku Morocco kuli Maroc Telecom, Orange ndi Inwi. Monga ZICTA imalamula kuno kwathu, maiko amenewa afuna kuti SIM ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mlendo amaonetsa pasipoti, osati NRC. Ku South Africa lamulo la RICA limafunanso umboni wa kumene mukhala, kotero pepala la malo ogona likhale pafupi.

Gulani m'sitolo ya kampani kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo muyese intaneti musanacokepo. SIM yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina ikhoza kutsekedwa tsiku lililonse, ndipo ikatayika simungaibwezeretse. Samalaninso ndi ndalama. Kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia zifanana dzina lokha, ndiye mtengo wa bandulo wolembedwa m'masauzande ku Mchinji usakuopseni musanausinthe kukhala ndalama ya kwathu. Cimodzimodzi ndi metical, rand ndi dirham.

Foni iyenera kukhala yosatsekedwa. Mafoni ena otumizidwa ndi abale ocokera kunja amakana SIM ya kampani ina. Kuyesa kwake nkosavuta: ikani SIM ya mnzanu wa netiweki ina mukali kunyumba.

Njira yacitatu: eSIM

eSIM ndi SIM yopanda khadi, yomangidwira m'kati mwa foni. Munthu amagula bandulo pa intaneti ku makampani monga Airalo kapena Holafly, amalipira ndi khadi ya ku banki, kenaka amajambula cizindikiro ca QR ndipo bandulo imalowa. Mafoni a iPhone ali nayo kuyambira pa XS ndi XR a mu 2018, ndipo a Samsung ambiri apamwamba kuyambira pa Galaxy S20 ya mu 2020. Mafoni ambiri ochipa amene ali m'midzi mwathu alibe. Mukadinda *#06# foni imaonetsa nambala ya IMEI, ndipo ikaonetsanso nambala yolembedwa kuti EID ndiye kuti ilandira eSIM.

Njira imeneyi imathandiza wofika usiku pa bwalo la ndeke kapena woyenda maiko angapo. Koma mabandulo ambiri otere ndi a data yokha, alibe nambala yoimbira, ndipo kawirikawiri mtengo wao uposa wa SIM ya komweko. Aikidwe mu foni ulendo usanayambe, cifukwa kuika kwake kumafuna intaneti.

Kuwerengera data yokwanira

Gigabyte imodzi ndi ma megabyte pafupifupi 1,000. Mauthenga olemba a pa WhatsApp amadya zocepa kwambiri, ndipo kuimba kwa mawu okha kumadya pafupifupi megabyte imodzi kapena kucepera pa mphindi. Cimene cimamaliza bandulo ndi kanema. Kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi la kanema wamba lifika pa gigabyte imodzi, ndipo la kanema wowala kwambiri lifika pa atatu. Masewero a mphindi 90 ndi kupuma kwa mphindi 15 angadye ma gigabyte pafupifupi awiri pa kanema wamba, ndi asanu pa kanema wowala.

Mwacitsanzo, munthu amene adziikira ma megabyte 300 pa tsiku kaamba ka mauthenga, mapu ndi zithunzi zocepa afunika ma gigabyte atatu pa masiku 10. Akafuna kuoneranso masewero a magulu ena pa foni, awonjezepo awiri pa masewero alionse. Mabandulo onenedwa kuti alibe malire nthawi zambiri amacepetsa liwiro munthu akapyola muyezo wina, ndiye malamulo ake awerengedwe. Mapu a mzinda atsitsidwe pa Google Maps mukali pa Wi-Fi, ndipo zimitsani mbali imene imalola foni kukonzanso mapulogalamu ndi kusunga zithunzi pa intaneti payokha.

Nambala ya kwathu isatayike

Ndalama za Airtel Money ndi MTN MoMo, pamodzi ndi manambala acinsinsi amene banki imatumiza pa SMS munthu akamalipira ndi khadi, zonse zamangika pa nambala ya ku Zambia. Apa ndi pamene foni ya ma SIM awiri imaposa zina: SIM ya kwathu ikhale yoyaka koma data roaming yozima, SIM yacilendo ndiyo inyamule intaneti. Kulandira SMS kunja kawirikawiri kulibe malipiro, koma kuyankha foni kukhoza kukhala nao. WhatsApp imapitiriza ndi nambala yakale ngakhale mwaika SIM ina, malinga ngati simunalole kusintha nambala. Poimbira kumudzi yambani ndi +260. Nambala yacinsinsi ya ndalama isapatsidwe kwa aliyense amene adzipereka kukuthandizani kuika bandulo.

Ulendo uliwonse ndi njira yake

Wa ku Vubwi wopita ku Lilongwe tsiku limodzi kapena awiri angakwanitse ndi bandulo yaing'ono ya roaming, kupatula ngati amapitako kawirikawiri, pamene SIM ya ku Malawi imakhala yaphindu. Mpikisano wa COSAFA Cup, umene Chipolopolo inapambana ku Durban mu 2022 ndi mu 2023, umatenga sabata yoposa imodzi, ndipo pamenepo SIM ya komweko ndiyo yoyenera.

Mpikisano wa Africa Cup of Nations wa ku Morocco, umene unayamba pa 21 December 2025 n'kutha pa 18 January 2026, unaonetsa kuti foni yakhala ngati ciphaso. Zambia inasewera ndi Mali ndi Comoros ku Casablanca, ndi Morocco ku Rabat, ndipo ocemerera anafunika kukhala ndi Fan ID yotengedwa pa pulogalamu ya pa foni yochedwa Yalla. Pa bwalo lodzaza anthu netiweki imalemedwa, kotero tikiti itsegulidwe mukali kumalo ogona, ndipo batire ikhale yodzaza.

Mpikisano wa 2027 bungwe la CAF linaupereka ku Kenya, Tanzania ndi Uganda. Wotsatira gulu lake kumeneko angafunike kuwoloka malire pakati pa mpikisano. Maiko a kum'mawa kwa Africa ali ndi pangano lao la One Network Area, limene Kenya, Uganda ndi Rwanda anayamba mu 2014 pofuna kucepetsa mitengo yoimbirana, koma pogula SIM afunse ngati data yake igwira nchito m'maiko onse atatu.

Mitengo ya mabandulo imasintha kawirikawiri, ndipo yoona ndi imene kampani ikuuzani m'sabata ya ulendo wanu. Sungani mauthenga onse otsimikiza zimene mwagula. Wodulidwa ndalama mosadziwika bwino ayambe wadandaula ku kampani yake, ndipo ngati sathandizidwa apereke nkhaniyo ku ZICTA.