Cikanda ndi vanila: zomera za banja limodzi

Anthu ambiri m'dziko lino amadya cikanda osadziwa kuti cimacokera ku banja la maluwa odziwika kuti orchid. Banjali ndi limodzi mwa mabanja aakulu kwambiri a zomera, pakuti lili ndi mitundu pafupifupi 28,000, ndipo yambiri imapezeka m'maiko otentha.

Mitundu yoculuka imamera pamitengo. Siyamwa madzi a mtengowo, koma mizu yake ili ndi khungu lofewa lomwe limatunga madzi a mvula ndi mame. Mitundu ina imamera pansi, m'madambo ndi m'mapiri a udzu. Cikanda cimacokera ku mitundu yapansiyi, makamaka Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis.

Comera ca cikanda cimasunga cakudya cake m'timbatata ta pansi. Kambatata kakale kamafota pamene comeraco cikukula ndi kucita maluwa, ndipo katsopano kamanenepa kudikira mvula ya caka camawa. Okumba amafuna katsopanoko. Akakacotsa, comeraco sicidzaphukanso.

Akatswiri a sayansi anapeza kuti m'timbatatati muli glucomannan, msanganizo womwe umamwa madzi ambiri ndi kunanda. Ndiwo umacititsa kuti ufa wa cikanda ukaphikidwa ndi nshawa zosinja, mcere, soda ndi tsabola, ugwirane mpaka kuceka ndi mpeni monga nyama. Ku Turkey nakonso amapera timbatata ta maluwa a banja lomweli kupanga ufa wa salep, womwe amathira m'cakumwa cotentha.

M'bale wa cikanda wochuka pa dziko lonse ndi vanila, comera coyanga comwe kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nalo. Cipatso cake cikakhala caciwisi sicinunkhira. Fungo limabwera pambuyo pocifundiza, kucianika ndi kucisunga kwa miyezi ingapo, pamene glucovanillin wa mkati amasanduka vanillin, yemwe amanunkhira m'makeke ndi m'mabisiketi.

Duwa la vanila limatseguka tsiku limodzi cabe. Mu 1841, Edmond Albius, kapolo wa zaka 12 pa cilumba ca Réunion, anatulukira njira yobereketsa duwali ndi kamtengo ndi cala. Njirayi ikugwirabe nchito ku Madagascar, dziko lomwe limalima vanila wambiri, ndiponso ku Uganda.

Vanila amalimidwa podula tsinde ndi kuoka, koma cikanda cikali kukumbidwa kuthengo. Cifukwa cake cili m'njere. Njere za maluwa a banjali ndi zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe cakudya camkati monga cimanga kapena nyemba. Kuti zimere zimadalira ulusi wa mtundu wina wa bowa wa m'nthaka, womwe umazidyetsa. Dambo likalimidwa kapena kuuma, bowayo amatha, ndipo njere zimangogwa pacabe.

Kale cikanda cinali ndiwo ya kumudzi m'zigawo za kumpoto kwa dziko lino. Lero ndi malonda a m'mizinda, monga pa msika wa Soweto mu Lusaka. Cifukwa ca kucepa kwake m'madambo athu, amalonda amacigula ku maiko oyandikana nafe. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anaonetsa kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinali kulowa m'Zambia caka ndi caka kucokera kumapiri a kumwera kwa Tanzania. Mu 2005 dzikolo linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo, makamaka pofuna kusunga maluwa ake. Pangano la CITES nalonso limafuna cilolezo pogulitsa zomera za banjali kunja kwa dziko.

Kwa amai ambiri cikanda ndico cimalipirira ana sukulu ndi kugula unga. Kukumba maluwa atatha kumwaza njere, kusiyako zomera zina pamalo alionse, ndi kupumitsa dambo kwa zaka zingapo kungathandize kuti malondawa asathe pamodzi ndi comeraco.