Ma alamu a utsi ndi kutentha olumikizana

Ma alamu a utsi ndi kutentha olumikizana ndi zipangizo zochenjeza za moto zomwe zimamangirizidwa kusiling'i ya nyumba, zimayendera magetsi a m'nyumbamo, ndipo zimalumikizidwa mwakuti imodzi ikazindikira utsi kapena kutentha kopitirira muyeso, zonse zimalira nthawi imodzi. Alamu iliyonse imakhalanso ndi batire loti lizigwira ntchito magetsi akazima. Zipangizozi ndi zofala ku United Kingdom, Ireland, United States, Canada ndi Australia, komwe malamulo omangira nyumba amazifuna.

Chifukwa chozilumikizira n'chakuti moto nthawi zambiri umayambira kwina pomwe anthu ali kwina. Ukhoza kuyamba kukhitchini kapena pabalaza usiku, eni nyumba ali mtulo kuchipinda chapamwamba, zitseko zili zotseka. Alamu yapayokha imalirira komwe kuli utsiko, ndipo phokoso lake limachepa kwambiri likamadutsa zitseko ndi makoma. Anthu ambiri omwe amafa pa ngozi za moto m'nyumba amafa ndi utsi komanso mpweya woipa, osati malawi, ndipo munthu amene wagona sadzutsidwa ndi fungo la utsi. Choncho chofunika n'chakuti alamu yomwe ili pafupi ndi wogonayo ilire moto ukadali waung'ono.

Mbiri

Njira yozindikira utsi ndi magetsi inayambira ku Switzerland m'zaka za m'ma 1930, pa ntchito ya Walter Jaeger ndi Ernst Meili, koma zipangizo zoyambirirazo zinali zodula ndipo zinkapezeka m'mafakitale ndi m'nyumba zikuluzikulu zamalonda. Alamu yotsika mtengo ya m'nyumba, yoyendera batire, inapangidwa ku United States mu 1965 ndi Duane Pearsall ndi Stanley Peterson. Vuto lomwe linaoneka pambuyo pake linali la anthu, osati la chipangizo: batire likatha ambiri sankagula lina, ndipo ena ankalichotsa dala alamu ikamasokosa pophika. Ichi n'chimodzi mwa zomwe zinachititsa kuti malamulo ayambe kufuna ma alamu oyendera magetsi. Ku United States, bungwe la NFPA linayamba kufuna kuti ma alamu a m'nyumba zatsopano azikhala olumikizana mu 1989. Ku England ndi Wales, nyumba zatsopano zakhala zikuikidwa ma alamu a magetsi kuyambira mu 1992.

Malamulo okhwima kwambiri anabwera pambuyo pa ngozi. Pa 14 June 2017 nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London inapsa ndipo anthu 72 anamwalira. Boma la Scotland litaunikanso malamulo ake, linalamula kuti kuyambira pa 1 February 2022 nyumba iliyonse, yatsopano kapena yakale, ya lendi kapena yokhala mwini wake, ikhale ndi ma alamu olumikizana. Lamuloli linayenera kuyamba chaka chimodzi m'mbuyomo koma linachedwetsedwa ndi mliri wa COVID-19. Ku Queensland, m'dziko la Australia, moto wa ku Slacks Creek mu August 2011 unapha anthu 11 m'nyumba imodzi. Lamulo la kumeneko linayamba ndi nyumba zatsopano mu 2017, linafika pa nyumba zogulitsidwa ndi za lendi mu 2022, ndipo likhudza nyumba zonse pofika pa 1 January 2027.

Mitundu ya ma alamu

Ma alamu a utsi alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba umagwiritsa ntchito kuwala. M'kati mwake muli kachipinda kamdima, kababu kakang'ono ndi kachipangizo kolandira kuwala, ndipo ziwirizi siziyang'anizana. Utsi ukalowa umamwaza kuwalako, kwina n'kufika pa cholandiracho, alamu n'kulira. Mtunduwu umafulumira pa moto wonyeka pang'onopang'ono, monga wa matiresi, sofa kapena waya wotentha. Mtundu wachiwiri uli ndi kanthu kochepa kwambiri ka americium-241 komwe kamachititsa kuti mpweya wa pakati pa tizitsulo tiwiri uzidutsa magetsi pang'ono. Utsi ukalowa magetsiwo amachepa. Uwu umafulumira pa moto wa malawi, koma umalira wamba ngakhale buledi akangopserera, n'chifukwa chake ukusiyidwa pang'onopang'ono. Lamulo la ku Queensland limalola wa kuwala wokha.

Alamu ya kutentha siiona utsi ayi. Imalira mpweya wa kusiling'i ukafika pa madigiri pafupifupi 58 Celsius. Imaikidwa kukhitchini ndi m'galaja, komwe utsi wophika, nthunzi ndi fumbi zikanasokoneza alamu ya utsi tsiku ndi tsiku. Imachedwa kulira poyerekeza ndi ya utsi, choncho payokha siikwanira. Phindu lake lenileni limaoneka ikalumikizidwa ndi zinzake.

Palinso alamu ya mpweya wa carbon monoxide, womwe umatuluka pa makala, gasi, nkhuni kapena parafini zikamayaka mosakwanira. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu, ndipo alamu ya utsi siiuzindikira. Ku Scotland alamuyi ndi yokakamiza pomwe pali chipangizo chotenthetsera nyumba kapena madzi choyendera zimenezi, koma lamulo silifuna kuti ilumikizidwe ndi enawo.

Malo oika

Ku United Kingdom ntchitoyi imatsata muyezo wa BS 5839-6. Muyezowu umagawa ma alamu potengera mphamvu yomwe amayendera: D1 ndi ya magetsi yokhala ndi batire lomatidwira m'kati, D2 ndi ya magetsi yokhala ndi batire losinthika, pomwe F1 ndi F2 ndi a batire lokha. Umagawanso potengera malo: LD3 ndi m'njira zothawira zokha, LD2 imawonjezera zipinda zomwe moto umakonda kuyambira, ndipo LD1 ndi pafupifupi chipinda chilichonse. Lamulo la ku Scotland limafuna alamu ya utsi m'chipinda chomwe anthu amakhalamo kwambiri masana, ina mukolido kapena pamwamba pa masitepe pa nsanja iliyonse, ndi alamu ya kutentha kukhitchini. Kwa nyumba wamba ya nsanja ziwiri, amenewo ndi ma alamu anayi.

Utsi wotentha umakwera n'kufalikira pansi pa siling'i, koma m'makona mumakhala mpweya wosayenda womwe utsi umachedwa kufikamo. Pachifukwachi alamu imaikidwa chapakati pa siling'i, mamilimita osachepera 300 kuchokera kukhoma kapena pababu. Mukolido iyenera kukhala pasanathe mamita 3 kuchokera pachitseko cha chipinda chogona. Alamu ya utsi imawerengedwa kuti imateteza mpaka mamita 7.5 kuchokera pomwe ili, ya kutentha mamita 5.3. Siiyenera kuikidwa m'bafa, pafupi ndi fani, kapena pamalo pomwe kutentha kwa masiku onse kumaposa madigiri 40.

Kulumikiza mawaya

Ntchito iyi ndi ya katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, chifukwa magetsi a 230V amapha. Asanakhudze waya amazimitsa magetsi pabokosi la ma breaker ndi kutsimikiza ndi tesita kuti azimadi.

Magetsi a ma alamu akhoza kutengedwa m'njira ziwiri: pa breaker yawoyawo, kapena pa mzere wa magetsi ounikira womwe umagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse. Njira yachiwiriyi ambiri amaikonda, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Breaker ya ma alamu okha ikagwa, palibe amene amadziwa mpaka mabatire atatha, koma mababu a pabalaza akazima wina amapita kubokosi madzulo omwewo. Chofunika n'chakuti magetsiwo atengedwe pa waya womwe uli ndi mphamvu nthawi zonse, osati womwe wadutsa pa swichi ya kukhoma. Kulakwitsa kumeneku kumachititsa kuti alamu iziyendera batire nthawi iliyonse babu likazimitsidwa, kutanthauza usiku wonse.

Kuchokera komwe magetsi atengedwa kukafika pa alamu yoyamba pamapita kebulo ya mawaya awiri ndi earth. Kuchokera pa alamu yoyamba kupita pa yachiwiri, yachitatu mpaka yomaliza pamapita kebulo ya mawaya atatu ndi earth, kawirikawiri ya 1.0 kapena 1.5 mm². Waya woyamba ndi live, wachiwiri ndi neutral, ndipo wachitatu ndiye wolumikizira. Waya wachitatuyu sanyamula magetsi oyendetsera alamu. Amangokhala chete mpaka alamu imodzi itazindikira ngozi, pomwepo imatumiza chizindikiro cha mphamvu yochepa chomwe chimauza zinzake kuti zilire. M'ma alamu ambiri a ku America chizindikirocho ndi cha 9V, ndipo chimatumizidwa ngakhale magetsi atazima, chifukwa chimachokera ku batire.

Mitundu ya mawaya ndi pomwe pamasokoneza. Mu kebulo yamakono ya ku Britain mawaya atatuwo ndi a bulauni, wakuda ndi wotuwa. Mwachizolowezi wa bulauni amakhala live, wotuwa amavekedwa kapulasitiki ka buluu n'kukhala neutral, ndipo wakuda amakhala wolumikizira. Koma mitunduyi inasintha pakati pa 2004 ndi 2006, ndipo m'mawaya akale live anali wofiira pomwe neutral anali wakuda. Munthu wozolowera zakale akhoza kutenga waya wakuda ngati neutral pa alamu imodzi, mnzake atautenga ngati wolumikizira pa alamu ina. Live kapena neutral ikalowa pa malo a waya wolumikizira, ma alamu onse a pamzerewo akhoza kuwonongeka, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ena amaoneka abwinobwino kunja. Ku United States, komwe magetsi ndi a 120V, wakuda ndi live, woyera ndi neutral, ndipo wolumikizira amakhala wofiira. Choncho mtundu wa waya si umboni. Katswiri amayenera kutsata waya uliwonse ndi kuonetsetsa kuti wagwira ntchito imodzimodzi pa alamu iliyonse.

Ma alamu ambiri safuna earth chifukwa thupi lawo ndi la pulasitiki yotchinga kawiri. Ngakhale zili choncho waya wa earth sadulidwa. Amavekedwa kapulasitiki kobiriwira ndi kachikasu, n'kumangidwa pamalo pake kuti apitirire mpaka kumapeto kwa mzere, ndipo sagwiritsidwa ntchito ngati waya wolumikizira.

Ma alamu onse olumikizidwa ndi waya ayenera kudya pa breaker imodzi. Akadya pa ma breaker awiri, munthu akhoza kuzimitsa imodzi n'kuganiza kuti mzere wonse wazima. Ayeneranso kukhala a kampani imodzi, chifukwa chizindikiro cha Aico, Kidde kapena FireAngel sichifanana ndi cha inzake ngakhale mawaya ataoneka ofanana. Chiwerengero chili ndi malire: makampani ena amalola ma alamu 12 pamzere umodzi, ndipo muyezo wa NFPA 72 umalola zipangizo 18, mwa izo za utsi zisapitirire 12. Katswiri akamayesa mawaya ndi makina otumiza 500V amayamba wachotsa ma alamu onse pa zigoba zawo, apo ayi amapsa.

Kulumikiza popanda waya

M'nyumba yomangidwa kale, kukoka kebulo yatsopano kumafuna kuboola siling'i ndi makoma. Pofuna kupewa zimenezi makampani anapanga ma alamu olankhulana ndi mafunde a wailesi. Alamu iliyonse imatenga magetsi pa babu lomwe lili pafupi, ndipo poti palibe waya wolumikizira, akhoza kudya pa ma breaker osiyana. Poika, ma alamu a nyumba imodzi amadziwitsidwa kwa anzawo kuti asamalire limodzi ndi a nyumba yoyandikana. Lamulo la ku Scotland limalolanso ma alamu a batire la lithium lomatidwira m'kati, omwe mwini nyumba akhoza kuika yekha, bola akhale olumikizana.

Kuyesa ndi kusamalira

Akamaliza kuika, batani loyesera limadinidwa pa alamu iliyonse payokha, wina akumvetsera ngati enawo akulira. Kuyesa imodzi yokha sikusonyeza kuti waya wolumikizira ali bwino mbali zonse. Kababu kobiriwira kamasonyeza kuti magetsi akufika. Pambuyo pake eni nyumba amalangizidwa kuyesa kamodzi pamwezi ndi kuchotsa fumbi ndi ndaula za akangaude. Alamu yolira kamodzikamodzi mwapansipansi ikunena kuti batire latha kapena kuti nthawi yake yakwana. Ngakhale ya magetsi imasinthidwa pakatha zaka 10, ndipo tsiku lake limalembedwa pambali. Siipakidwa penti. Kachipewa ka pulasitiki komwe amaiveka nthawi yomanga nyumba kayenera kuchotsedwa, chifukwa alamu yovala kachipewako siimva utsi.

Ku Malawi ndi Zambia

Malawi ndi Zambia amagwiritsa ntchito magetsi a 230V ndi 50Hz monga United Kingdom, choncho ma alamu opangira msika wa ku Britain amagwirizana ndi magetsi a kuno, pomwe a ku America a 120V sagwirizana. Nyumba zambiri zikadali ndi mawaya akale ofiira ndi akuda, ndiye chisokonezo cha mitundu chija n'chapafupi. Kuzimazima kwa magetsi kumapangitsa kuti mtundu wa batire ukhale nkhani yaikulu: batire losinthika la 9V limatha msanga, pomwe lomatidwira m'kati lodzichaja lokha limadzazanso magetsi akayaka. Nthawi yomwe magetsi azimayo ndi yomwenso anthu amayatsa makandulo ndi mbaula m'nyumba. Amene ali ndi sola kapena inverter ayenera kuwerenga malangizo a alamuyo, chifukwa makampani ena amachenjeza kuti magetsi a inverter yosatulutsa mafunde osalala amawononga chipangizocho. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, kutentha kwa pansi pa denga masana a mwezi wa October kukhoza kupitirira madigiri 40 aja, ndipo alamu siyenera kumangirizidwa pafupi ndi malatawo.