Tanthauzo la mawu akuti "Hispanic"

Mawu akuti "Hispanic" gwero lake ndi Hispania, dzina lomwe Aroma ankatchulira dera limene lero kuli Spain ndi Portugal. Ku United States amanena munthu amene mizu yake ili kudziko lolankhula Chisipanishi. Si nkhani ya khungu ayi: alipo akuda, oyera ndi ofiirira. Wa ku Brazil salowamo, poti kwawo amalankhula Chipwitikizi; iyeyo amamutchula "Latino".

Boma la United States ndi limene linawanditsa mawuwa. Pa kalembera wa 1980, pepala lofika pakhomo lililonse linafunsa ngati munthu ali wa gululi, ndipo anapezeka 14.6 miliyoni. Pofika 2020 anali atapitirira 62 miliyoni, ambiri a iwo makolo awo ali a ku Mexico. Achulukira ku California, Texas ndi Florida.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ena akamva mawuwa amangoti "obwera". Komatu mzinda wa Santa Fe wa anthu olankhula Chisipanishi, womwe lero uli ku United States, unalipo kale mu 1610. Mexico itagonja pankhondo yake ndi United States mu 1848, anasuntha ndi malire: banja linagona lili ku Mexico n'kudzuka lili ku America, munda womwewo, chitsime chomwecho. Zidzukulu za mabanja amenewo si alendo.