Pamene Chikhalidwe Chameza Chikumbumtima

Lembani mutu woti "Chikhalidwe cha Chikhristu" pa bolodi pamaphunziro a akulu a mpingo, kenaka mukhale pansi muone kumene nkhani ilowere. Woyamba kukweza mkono afunsa za amayi ovala mathalauzi m'tchalitchi. Wachiwiri afunsa za mowa wa pa sadaka, wachitatu za mkhristu amene waoneka akuonerera Gule Wamkulu. Nsima ikamafika, palibe amene wafunsa chimene mphunzitsi anadzera: kodi munthu amachidziwa bwanji chabwino, ndipo zabwino ziwiri zikakokerana mbali zosiyana, atsate chiti? Ophunzirawo sanalakwe. Ayankha mutu umene anawalembera.

M'kamwa mwa anthu, chikhalidwe ndi zimene makolo anatisiyira: chinamwali, chikamwini, kugwada popereka madzi kwa apongozi. Khalidwe ndi la munthu payekha, monga timati mwana uyu khalidwe lake nlabwino. Phunziro limene pa Chingerezi amati ethics si chimodzi mwa ziwirizi. Ntchito yake ndi kuimika chikhalidwe ndi khalidwe lomwe pabwalo nkuzifunsa chifukwa. Tikalipatsa dzina la woimbidwa mlandu, mlanduwo watha usanayambe.

Alipo amene amati tingobwereka, tizilemba ethikisi, monga tinachitira ndi sakramenti ndi katekisimu. Kubwereka sindidana nako, ndipo amene amafuna kupezera kompyuta dzina la makolo ndimawaona ngati otaya nthawi. Koma apa kubwereka sikuchiza kanthu. Ethics anachokera ku liwu la Chigiriki loti ethos, limene tanthauzo lake ndi chizolowezi kapena mwambo, ndipo Cicero atafuna kunena zomwezo m'Chilatini anapanga moralis kuchokera ku mos, womwenso ndi mwambo. Eni akewo anayambira pomwe tili ife. Liwu lawo linasiyana ndi mwambo chifukwa Aristotle, Augustine, Thomas Aquinas ndi ena ambiri analigwiritsa ntchito potsutsana kwa zaka mazanamazana. Tikabwereka, tibweretsa chikopa chokha, mkanganowo utsalira kwawo.

Liwu loti mwambo lili ndi zipsera zakenso. Amene anakula m'nthawi ya Kamuzu Banda amazikumbukira ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Onsewa ndi mawu a m'tchalitchi, ndipo ndale zinawatenga osawasintha ngakhale chilembo. Pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'maparishi ndipo boma linaitcha youkira, m'chiyankhulo cha masiku amenewo maepiskopiwo anali osamvera ndiponso osasunga mwambo. Phunziro la zabwino ndi zoipa limene mawu ake sangathe kunena kuti iwo anachita bwino ndi phunziro lolumala.

Nanga umunthu? Augustine Musopole ndi Harvey Sindima analemba zozama posonyeza kuti pamenepa pali maziko enieni, ndipo ndikuvomereza kuti palibe liwu lina limene anthu amalimva msanga chotere. Nkhawa yanga ndi yoti umunthu wa m'makambirano a tsiku ndi tsiku umakonda mtendere kuposa choonadi. Taganizirani kalaliki wa mu ofesi ya zachuma, Lachisanu madzulo, bwana atamuikira patebulo pepala la maalawansi a msonkhano umene sunachitike. Maina 12 asainidwa kale, mzere wake wokha ndiwo watsala. Mmodzi mwa osainawo ndi mayi wamasiye amene akusowa fizi ya mwana, wina ndi mkulu wa mpingo mnzake. Akakana, mawa amva kuti alibe umunthu, akufuna kudyetsa anzake mchenga. Akasaina, palibe amuloze chala. Dziko limene linaona Cashgate mu 2013 likudziwa kuti ndalama zambiri zinadutsa m'manja mwa anthu aulemu, opatsa moni, osajomba pa maliro.

Kalaliki uja chimene chingamuimike ndi chikumbumtima, ndipo liwu limeneli ndilo likufunika kuliyang'anitsitsa. Buku Lopatulika la 1922, limene William Murray anatsogolera kumasulira kwake, ndilo linalikhazika m'makutu mwa akhristu pomasulira syneidesis wa m'makalata a Paulo. Ndi liwu lokoma, lomangidwa mwaluso. Ena amamvamo kukumba, ine ndimamvamo kukumbuka, koma konseko nkhope yake yapenya kumbuyo. Mvetserani mmene timaligwiritsira ntchito: chikumbumtima chamugwira, chikumbumtima chikumusowetsa tulo, wabweza yekha mbuzi chifukwa cha chikumbumtima. Nthawi zonse chimafika mbuzi itabedwa kale.

Chikumbumtima chotere chilimo ndithu m'Baibulo. Chihebri cha Chipangano Chakale chilibe liwu lapadera la chikumbumtima, chimangoti mtima, monga pa 1 Samueli 24 pamene Davide akuvutika mumtima atadula msonga ya chovala cha Saulo. Koma pa 1 Akorinto 8 ndi 10 Paulo akunena za china. Mkhristu wa ku Korinto waitanidwa kukadya kwa mnzake wosakhulupirira, nyama ili m'mbale, ndipo wina wamunong'oneza kuti inaperekedwa nsembe kwa mafano. Sanadye. Palibe choti akumbukire. Ayenera kuyeza zimene akudziwa, zoti fano si kanthu, ndi zimene kudya kwake kuchite kwa mbale wofooka amene akumuyang'ana. Aquinas anafotokoza chikumbumtima ngati ntchito ya nzeru yotenga chimene munthu akudziwa nkuchiika pa chochita chimene chili pamaso pake, ndipo anaphunzitsa kuti munthu sayenera kuchita motsutsana nacho ngakhale chitasokera, chifukwa chake ali ndi udindo wochiphunzitsa. Martin Luther ku Worms mu 1521 anakana kubweza mawu ake poloza chikumbumtima chomangidwa ndi Mawu a Mulungu. Akatolika ndi Apulotesitanti amasiyana pa zambiri, koma onse awiri akunena za woweruza amene amayankhula dzanja lisanagwire cholembera.

Chodabwitsa nchakuti Chichewa cha kumudzi chimanena zimenezi mosavuta. Mtima ukukana. Mtima sukundilola. Mtima wina ukuti pita, wina ukuti khala. Agogo amene sanaponde m'kalasi la zaumulungu amazinena akamakana kuperekera umboni wabodza pa mlandu wa malire a munda. Zimenezi sizinalowe m'mabuku ophunzitsira chifukwa mabukuwo salembedwa m'Chichewa. Abusa ndi ansembe athu, kaya ku sukulu ya zaumulungu ya ku Zomba, kaya ku seminale ya Kachebere, amawerenga, kutsutsana ndi kulemba mayeso m'Chingerezi, nkudzalalikira m'Chichewa. Kuganiza kumatsalira ku koleji, ku guwa kumangofika malamulo: osamwa, osavala, osapita. Chichewa chinalengezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, Centre for Language Studies inalowa m'malo mwake mu 1996, koma chikhalirecho tikuchiona ngati chiyankhulo cholangizira, osati chofufuzira. Pambuyo pake lamulo linati ngakhale mwana wa Sitandade 1 aphunzire m'Chingerezi.

Sindikupempha komiti yoti ikhale ku hotelo nkutipangira liwu lalitali limene palibe adzalitchule. Chikhalidwe tichisiyire zamakolo, makhalidwe akhale zochita za anthu, ndipo phunzirolo tingolitcha kusiyanitsa chabwino ndi choipa, ngakhale dzinalo likhale lotalika. Chikumbumtima tisachitaye, koma tichikakamize kupenya kutsogolo pochigwiritsa ntchito motero m'maulaliki, m'makalasi a katekisimu ndi m'milandu ya ku bwalo la akulu a mpingo. Ndipo sukulu iliyonse yosula abusa ndi ansembe iike pepala limodzi la mayeso m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka kwa a Livingstonia, lofunsa wophunzira kuti amulangize kalaliki wokana kusaina popanda kuthawira ku liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi.