Chipewa ndi Chilankhulo cha Ulemu ku Chiradzulu

Kale, malamulo a ulemu pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe a ku Chiradzulu sankalembedwa. Ana ankawaphunzira kumphala, kuchinamwali ndi m'miyambi. Kugwada, kulandira chinthu ndi manja awiri ndiponso kutchula munthu mmodzi kuti "inu" ndizo zinali zizindikiro za munthu woleredwa bwino.

Atsamunda anabweretsa mwambo wina. Mwafirika wovala chipewa ankayenera kuchivula akakumana ndi Mzungu, ndipo akazengereza ankamukalipira kuti "Chotsa chipewa!" Tione kuti mneniyu alibe "-ni" waulemu. Amene ankalamula kuti alemekezedwe ankalankhula ndi bambo wandevu monga alankhulira ndi mwana.

M'chaka cha 1900, M'busa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Kumeneko anthu ankaphunzitsidwa ukhondo ndi kuvala modzilemekeza, ndipo mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka. Koma pa esiteti ya Magomero, yomwe ankayang'anira William Jervis Livingstone, munthu wovala bwino chotere ankaonedwa ngati wamwano. Itatha nkhondo ya mu Januwale 1915, mboni zachiafirika zinadandaula za chipewachi pamaso pa bungwe lofufuza zimene zinautsa nkhondoyo.

M'chaka cha 2022, Samson Kambalu anaimika chiboliboli cha Chilembwe ku Trafalgar Square, mu London, chipewa chili kumutu. Mbiriyi ikutsimikiza mfundo ya makolo yakuti ulemu ndi wobwezerana. Ukamachokera mbali imodzi yokha, umasanduka goli.