Ndime, chigawo ndi kochi: Chichewa cha pabwalo la mpira

Mwana wina wa Fomu 2 pasukulu yoyendera ya kumapiri a Ntchisi, atauzidwa kulemba chimangirizo cha mpira umene anaonerera ku Mponela, analemba chiganizo ichi: "Chigoli chinalowa m'chigawo chachiwiri cha masewero oyamba a chigawo chachiwiri cha ligi ya m'chigawo chapakati." Mphunzitsi wa Chichewa anazunguliza mawu atatuwo ndi cholembera chofiira, n'kulemba m'mphepete kuti "kubwerezabwereza." Mwanayo anangofunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, ndikanalemba kuti chiyani?"

Funso limeneli si la mwana yekha. Iye analemba zimene amamva pawailesi Loweruka lililonse. Chigawo choyambacho ndi mphindi 45 za osewera akachokera kopuma. Chachiwiricho ndi theka la nyengo ya ligi: mu Super League muli matimu 16, iliyonse imasewera masewero 30, ndipo ikatha 15 oyamba timati chigawo choyamba chatha. Chachitatucho ndi dera la dziko, kumene kuli Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Lilongwe. Zinthu zitatu zosiyana, ziwiri za nthawi ndi chimodzi cha malo, tazisenzetsa liwu limodzi. Polankhula sizivuta, chifukwa womvera akuona yekha ngati mpira uli mkati kapena watha. Vuto limabadwa polemba, pamene wowerenga alibe bwalo pamaso pake.

Ena pothawa chigawo amathawira ku ndime, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndimakana. Ndime ili kale ndi ntchito yake, ntchito yoiyenera bwino. Wolima aliyense ku Malomo kapena ku Nambuma amadziwa kuti ndime ndi malo amene wadziikira kuti ulime lero. Ukaimaliza ndiye umayamba ina, ndipo suilumpha. Liwuli linachoka kumunda n'kulowa m'buku: m'Buku Lopatulika la 1922 timawerenga mutu ndi ndime, ndipo m'kalasi chimangirizo chimagawidwa m'ndime. Litafika pabwalo la mpira linapezanso malo ake m'mipikisano ya chikho, mmene timu imayenera kumaliza ndime ina kuti ione ina. Ndime ya matimu 16, ndime ya matimu asanu ndi atatu, ndime ya matimu anayi, ndime yotsiriza. Mawu amenewa amaposa kotafainolo ndi semifainolo pachifukwa chimodzi chooneka: amakuuza kuti kwatsala angati. Agogo amene sanapondepo m'kalasi akamva kuti timu ya mdzukulu wawo ili mu ndime ya matimu anayi, amadziwiratu kuti chikho chayandikira.

Ligi ilibe ndime zotere. Mu ligi palibe wotuluka pakati panjira. Timu ikhoza kugonja kasanu motsatizana n'kumaseweranso sabata yotsatira, chifukwa chimene chikuwerengedwa ndi mapointi a nyengo yonse. Tikati "ndime yachiwiri ya ligi" tikuphunzitsa womvera kuti ligi ndi chikho zimayenda mofanana, pamene kusiyana kwake ndiko mutu wa nkhani yonse. Anyamata a m'midzi anapeza kale njira: amati raundi yoyamba ndi raundi yachiwiri. Ndikuti tiwatsatire. Chigawo chikhale cha masewero amodzi ndi cha dera, ndime ikhale ya chikho, raundi ikhale ya ligi. Wina adandaula kuti raundi ndi liwu lobwereka. Inde, monganso ligi, timu, pointi ndi penate, zimene palibe amazikana.

Palinso chipulula, liwu lokoma limene ndale ndi mpira zimabwerekana. Zipani zimachita zisankho zachipulula kuti mwa ofuna mpando ambiri patsale mmodzi. Kupulula ndi kuchotsa masamba kapena njere paphesi ndi dzanja, kuti zochuluka zigwe. Liwuli limanena cholinga, kuti matimu achepe, koma silinena njira yake. N'chifukwa chake timalimva ponseponse: masewero a Flames olimbirana malo ku AFCON, amene amaseweredwa m'magulu ndi kuwerengera mapointi, timawatcha achipulula, masewero a m'maboma a Castel Challenge Cup, chikho chimene chinayamba mu 2023, mmene wogonja amapita kwawo tsiku lomwelo, timawatchanso achipulula. Komiti zokonza zikho m'midzi zimalongosola bwino kuposa atolankhani. Wapampando amaimirira pakati pa makaputeni masewero asanayambe n'kunena kuti, "Amangwetu, pano si ligi ayi. Wagonja watuluka." Mawu awiri otsirizawo ndi okwanira kukhala dzina la njira imeneyi, ndipo chipulula chikhoza kutsala ngati dzina la ndime zonse zoyambirira, kaya zamagulu kaya za wagonja watuluka.

Chibwereza nachonso chimayenda m'njira ziwiri. Kuyambira pa chisankho cha pa 23 June 2020, Mmalawi aliyense amadziwa kuti chachibwereza ndi chimene chikuchitikanso chifukwa choyamba chija chafafanizidwa. Koma pampira timati masewero achibwereza pamene matimu awiri akumana kachiwiri mwa dongosolo, pakhomo ndi koyenda, zigoli za masewero onse awiri n'kuphatikizidwa. Oyamba aja sanafafanizidwe, akuwerengedwa ndithu. Tsiku limene mvula idzasokoneze mpira pa mphindi 30, okonza n'kulamula kuti uyambirenso mawa, mtolankhani adzafuna liwu lomwelo pa chinthu china. Apa sindikupempha liwu latsopano. Kungoti "masewero obwereza" pa oyambiranso, ndi "achibwereza" pa achiwiri aja, nkhani yatha, bola tonse tigwirizane.

Chimene tilibiretu dzina lake ndi mpikisano wobadwa kuchokera mu ligi. Airtel Top 8, imene inayamba mu 2017 ndipo oyamba kuitenga anali Silver Strikers, imatenga matimu asanu ndi atatu amene anathera pamwamba pa ligi. Si chikho cha aliyense ngati FDH Bank Cup, mmene timu ya ligi ya m'chigawo imatha kukumana ndi Maule kapena Manoma. Malo ake umawagula ndi thukuta la nyengo yonse. Kumaiko ena njira imeneyi ndiyo imasankha katswiri. M'makoleji a ku United States, masewero a hockey ya pamadzi oundana amatha chonchi: ligi zikatha, matimu 16 amalowa mpikisano wa NCAA, umene unayamba mu 1948, wogonja amatuluka pa masewero amodzi okha, ndipo ndime ya matimu anayi ili ndi dzina lakelake, Frozen Four. Kumeneko timu ikhoza kutsogola nyengo yonse n'kutaya zonse usiku umodzi. Kuno katswiri wa ligi ndi wa ligi, wa chikho ndi wa chikho. Ndamvapo ena akuti "mapuleyofu," liwu lolemera pakamwa komanso losanena kanthu kwa wosadziwa Chingerezi. Apa kubwereka sikuthandiza, chifukwa chimene chikusowa si dzina lokha koma kumvetsa chinthucho. "Chikho cha otsogola ligi" n'chachitali pang'ono, koma chimadzilongosola chokha.

Tsopano tibwere kwa munthu woima m'mbali mwa bwalo. Wailesi ndi nyuzipepala zimati mphunzitsi. Osewera ndi ochemerera amati kochi. Pa timu ya m'tauni mawu onsewa amayenda. Koma pitani ku Robert Blake ku Kongwe, ku Madisi, kapena pasukulu iliyonse ya m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, mukapeza kuti woyendetsa timu ndi mphunzitsi weniweni, wa choko m'manja, amene m'mawa amaphunzitsa masamu ndipo madzulo amanyamula wezulo. Mphekesera ikafika kumudzi kuti "mphunzitsi uja amuchotsa," makolo amayamba kufunsana kuti walakwa chiyani ndipo ana awo a Fomu 4 awaphunzitsa ndani, pamene nkhani ndi yakuti timu yapatsidwa kwa mnzake wa mu stafu, iye akadali m'kalasi mwake. Liwu lachikuda labweretsa chisokonezo chimene lobwereka likanapewa.

Ntchito ziwirizi n'zosiyana kuyambira pamuzu. Mphunzitsi salandidwa kalasi chifukwa ana alephera mayeso a sabata imodzi. Kochi amakhala ndi nkhwangwa pakhosi kuyambira tsiku losaina mgwirizano, ndipo masewero atatu oipa ndi okwanira kumuonetsa msana wa njira. Komanso liwu loti mphunzitsi silikwanitsa kusiyanitsa maudindo a pabenchi. Tinaziona kumayambiriro a 2022 ku Cameroon. Meck Mwase ndiye anafikitsa Flames ku AFCON. Mario Marinica wa ku Romania anabwera ngati mkulu woona za luso la masewero ku FAM, kenako anaikidwa kutsogolera benchi mpikisano utayandikira. Atapezeka ndi Covid-19, Mwase ndiye anaima m'mbali pamene Malawi inagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Timu inafika ndime ya matimu 16, n'kugonja kwa Morocco 2-1. Funsani anthu awiri lero kuti mphunzitsi wa Flames panthawiyo anali ndani, mumva mayina awiri, ndipo onse sakunama. Chichewa chathu chinawapatsa udindo umodzi anthu a maudindo awiri.

Pali liwu limodzi lachikuda limene pano likugwira ntchito bwino kwambiri: wogwirizira. Patrick Mabedi anayamba ngati wogwirizira mu 2023 asanapatsidwe udindo wonse, ndipo atachoka mu 2024 Kalisto Pasuwa analowanso pakhomo lomwelo. Kugwirizira n'kusunga chinthu cha mwini wake amene akubwera, monga amachitira wogwirizira ufumu mfumu yatsopano isanalongedwe. Mchewa wa ku Dowa safuna womutanthauzira zimenezo. Ndiye tiziti kochi wogwirizira, kochi wamkulu, wachiwiri kwa kochi, kochi wa magoloboyi. Lobwereka ndi lachikuda zikuyenda limodzi, ndipo palibe chikupweteka chinzake.

Amene amakana kochi amanena kuti tikalola liwu limodzi, mawa Chichewa chonse chidzakhala Chingerezi chovala chitenje. Mantha awo ndi omveka, makamaka kuyambira pamene lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Koma chiyankhulo sichitetezedwa pokakamiza liwu limodzi kugwira ntchito zitatu. Chimene chimathamangitsa wolemba wachinyamata kupita ku Chingerezi ndi kuona kuti kumeneko chinthu chilichonse chili ndi dzina lake, pamene kuno akumuuza kuti mphunzitsi, kochi ndi mlangizi onse ndi "mphunzitsi." Muyeso wanga ndi uwu: liwu lachikuda likamanena chinthucho momveka, monga ndime, chipulula, wogwirizira, kulepherana, pakhomo ndi koyenda, lobwereka lisalowe. Likamasokoneza, tibwereke mosachita manyazi ndi kulilemba mwa Chichewa.

Funso lotsala ndi lakuti agamule ndani. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, boma linakhazikitsa Chichewa Board mu 1972, ndipo bungweli linkanena chovomerezeka ndi chosavomerezeka, mpaka pawailesi ya MBC. M'malo mwake munabwera Centre for Language Studies ya University of Malawi mu 1996, imene inatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha mu 2000. Bungwe latsopanoli ndi lofufuza, si lolamula, ndipo zimenezo n'zabwino: nthawi ya munthu mmodzi wouza dziko lonse kalankhulidwe inapita. Koma mpando wogamula sunakhale wopanda munthu. Anaukhala ndi owulutsa mpira a pa MBC, Zodiak, Times ndi mawailesi a m'madera, amene amapanga mawu ali pa liwiro, mpira ukuthamanga, popanda nthawi yofunsana. Ambiri mwa mawu okoma amene tili nawo, monga "ziwiri kwa chilowere," anafala kudzera pakamwa pawo. Chisokonezo cha chigawo ndi ndime chinafalanso njira yomweyo.

Sitikusowa komiti yopeka mawu mu ofesi. Tikusowa anthu oti akhale pansi tsiku limodzi, a FAM, a SULOM, a bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA, owulutsa mpira, olemba masamba a Chichewa m'nyuzipepala ndi akatswiri a Centre for Language Studies, atole mawu amene ali kale m'kamwa mwa anthu, asankhe kuti ili likhala la ichi, ilo la icho. Ndandanda yake singadutse masamba awiri. Ikafika kwa aphunzitsi a masewero ndi kwa komiti za zikho za m'midzi nyengo isanayambe, mvula itangosiya ndi misewu ya kumapiri itauma, idzalowa m'makalata oitanira matimu, m'malamulo a mpikisano ndi pa bolodi la zidziwitso. Mkangano umene umabuka pabwalo timu ikagonja n'kumaumirira kuti ili ndi masewero ena, chifukwa kalata inangoti "ndime yoyamba" osanena ngati ndi ligi kapena wagonja watuluka, ndi mkangano wa mawu. Umathera pa zibakera, koma unayambira pa cholembera, ndipo ndi pomwepo pamene tiyenera kuukonzera.